Imvi za Amayi Daka

MUTU WACHISANU NDI CHIWIRI

1. Mabatire awiri

Masiku amenewo mu Lusaka munalibe sopo. Munthu akaona mzere pakhomo pa sitolo ankayamba waima kaye, kenako n'kufunsa chimene chikugulitsidwa. Azimayi ambiri anaphunzira kupanga sopo kunyumba, ndi mafuta a nyama ndi soda woyera uja wolusa ngati moto.

Loweruka m'mawa Perpetua anakwera mabasi awiri kuchokera ku Chelstone kupita ku Kabwata, mwana wake Kunda ali kumbuyo. Anali mayi wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, womaliza Fomu Faifi, koma wamantha ngati nkhuku yachilendo. Maso ake sankaphonya kanthu: ntchentche pa botolo la mwana, msomali pa mpando wa basi, achinyamata a chipani amene ankayeza masiketi a atsikana ndi maso pa siteshoni. Zonse ankaziona. Vuto lake linali pakamwa.

Kwa amayi ake anapeza makina osokera ataphimbidwa, chinthu chosachitika Loweruka. Amayi Winifred Daka ankasoka mayunifomu a sukulu, ndipo makinawo ndi amene ankadyetsa nyumba kuyambira pamene amuna awo, a Amock, anasamukira ku Kaunda Square kukakhala ndi Petronella, mtsikana wogulitsa nsapato m'tauni. Amayiwo anali khale kuseri kwa nyumba, kalilole pamwendo, duku ali pansi.

"Wabwela bwino. Ona mutu uwu," anatero, osayang'ana n'komwe mdzukulu.

Perpetua anaona. Imvi zinali zitayambira pamphumi n'kutsetsereka mpaka m'makutu, mbuu.

"Si mutu wanu wa masiku onse, Amama?"

"Ndiye vuto lake limenelo. Loweluka likubwelali ni khichini pate ya mng'ono wako Helen. Ku Kabulonga, kwa azakhali a mwamuna, kumene olo galu ali ni bulangeti yake. Manje wamva amene apatsidwa khadi? Petronella. Ati anaphunzila pamodzi ni mlongo wake wa mkwati."

Perpetua anamvetsa kulemera kwa nkhaniyo. Pa khichini pate mkwatibwi amalowa ataphimbidwa chitenge kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kukhala pamphasa. Mphatso sizitsegulidwa mpaka mayi wake ataimirira, kuvina pamaso pa anthu onse, ndi kumuvundukula. Mayi akasowa, alangizi amaitana mkazi wina wa m'banjamo. Abale a Amayi Daka onse anali ku Katete.

Amayiwo anasolola katoni pansi pa mpando. Munali chitini cha soda wopangira sopo, mabatire awiri a tochi osweka pakati, ndi kabotolo ka ufa wakuda bii wochokera m'mabatirewo.

"Ba Martina apa pa nekisi dolo andiphunzitsa. Soda pang'ono, mazila awili, utakasa, upaka. Tsitsi ligona ngati la mkazi wa pa kalenda. Likauma upaka chakuda ichi ni mafuta, imvi zonse zii. Iwe uli ni dzanja lofewa. Undipake ndiwe."

Kunda anatambasula kadzanja kulozera chitinicho. Perpetua anabwerera m'mbuyo msangamsanga. Soda ameneyo anamuphunzira kusukulu. Aphunzitsi anadonthezera pang'ono pa kansalu, kansaluko n'kubooka ana akuona. Mawu anakwera mpaka pakhosi. Atayang'ana nkhope ya amayi ake, mawuwo anatsikanso.

"Mwina tiyembekeze Lachisanu, Amama," anatero, "kuti likakhale latsopano."

2. Njira yozungulira

Mwamuna wake, Lemmy Chibesa, amene ankamuitana mwa chikwawo kuti Bana Kunda, ndiye kuti amake Kunda, anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi.

"Mabatire! Bana Kunda, nanga akayaka mutu pakati pa anthu?"

"Si zoseka, bashi Kunda."

"Ndiye auzeni chabe kuti iyai. Ni amayi anu, si apolisi."

"Simuwadziwa."

"Imwe ndimwe simuwadziwa. Muwaopa monga ni mkango, kansi ni munthu wokhumudwa chabe."

Lolemba Perpetua anabereka mwana n'kupita ku Woodlands, kwa Amayi Peggy Njobvu, mtsogoleri wa Chigwirizano cha azimayi ku tchalitchi kwawo. Amayi Njobvu ndi amene anamulangiza iye asanakwatiwe. Anali mayi wamtali, wa mawu okhoza kudzutsa wogona kumpando wakumbuyo, ndipo imvi zawo ankazisiya zisuzumire pansi pa duku ngati mendulo.

Perpetua anagwada, n'kufotokoza zonse motsitsa mawu: soda, mabatire, khadi ya Petronella.

"Chonde mukawauze paokha, ngati mwangodutsa. Asadziwe kuti ndine."

"Wachita bwino, mwana wanga," anatero Amayi Njobvu. "Zisiye m'manja mwanga."

Perpetua anabwerera ku Chelstone mtima utapepuka, poganiza kuti wasenzetsa wina katundu wake. Anaiwala kuti ukayenda umasiya phazi. Ukasiya mlomo umakutsata.

3. Lachinayi

Lachinayi masana azimayi a Chigwirizano anadzaza tchalitchi, mabulauzi oyera, maduku akuda. Perpetua anakhala kumbuyo pamodzi ndi ena oyamwitsa. Amayi ake anali pa benchi lachiwiri. Itatha nyimbo, Amayi Njobvu anaimirira, natseka Baibulo, navula magalasi.

"Azimayi anzanga, lero sindiwerenga zambiri. Ndikamba za mitu yathuyi.

"Chimanga chikakhwima ndevu zake zimauma. Munamuonapo mlimi akuzipaka utoto kuti anthu aziti n'chachiwisi? Iyayi, amakondwa, chifukwa akudziwa kuti nkhokwe idzadzaza. Koma ife tafika mu Lusaka tayamba kuchita manyazi ndi zaka zimene Mulungu watipatsa. Wina mafuta oyeretsa khungu, nkhope ngati papaya, miyendo ngati makala. Wina wigi, mwezi wa Okutobala, thukuta lili chuchuchu m'khosi, kamphepo kakaomba wagwira mutu ngati wasenza mtsuko."

Azimayi anaseka. Amayi Daka nawonso anaseka pang'ono.

"Atsikana akachita zimenezi timati ndi chibwana, chidzatha. Nanga mayi wa zidzukulu? Msinkhu uliwonse uli ndi chovala chake. Mwana wa sukulu ali ndi yunifomu, mkwatibwi ali ndi velo, ife tili ndi imvi. Ukavula chovala cha msinkhu wako, ana ako adzathawira kwa yani akafuna munthu wamkulu? Adzapeza m'nyumba muli atsikana okhaokha.

"Ndamva, ndipo sindinamve kwa munthu wapanjira, kuti pakati pathu pano alipo wina waswa mabatire a tochi. Wasunga ndi soda wa sopo. Akuti akapikisane ndi kamtsikana pa khichini pate ya mwana wake. Mayi iwe, sindikutchula dzina. Mwamuna amene anachoka sanachoke chifukwa cha imvi, ndipo sadzabwerera chifukwa cha makala. Dzilemekeze!"

Dzina silinafunike. Mumpingo monse munali khichini pate imodzi yokha sabata imeneyo, ndipo theka la azimayiwo linali ndi makhadi ake m'zikwama. Maduku anatembenuka limodzilimodzi. Amayi Daka sanaweramitse mutu. Anangotembenuka pang'onopang'ono, maso awo n'kudumpha mabenchi onse mpaka kukapeza Perpetua.

Perpetua anatsina Kunda pantchafu kuti alire, n'kutuluka naye panja.

4. Tsiku limodzi

Lachisanu anafika ku Kabwata atanyamula duku watsopano wa silika, wobiriwira, amene anabwereka kwa mnzake. Helen anali atatengedwa kale ndi alangizi kukagona ku Kabulonga. Amayi Daka anali pa makina, akupinda chitenge choti akavale mawa. Makinawo sanaime.

"Odi, Amama."

"Lowani, a Fomu Faifi."

Perpetua anakhala pansi pafupi ndi chitseko. Anatulutsa dukuyo, n'kunena kuti anaona mamangidwe atsopano m'magazini, okwera m'mwamba ngati duwa, oti ngakhale akazi a ku Kabulonga akafunsa amene wawamanga. Apo makina anaima.

"Duku," anatero amayi ake. "Wandibweletsela duku.

"Mvela, Perpetua. Atate ako anandipeza nili ni tsitsi lofika apa. Ninaliphimba chifukwa alangizi anati mkazi wa mwini saonetsa mutu. Zaka makumi awili ni zisanu ni ziwili nili mu duku. Milomo sininapakepo. Nsapato zazitali sininavalepo. Anati umenewo ndiwo ulemu. Ulemu ninausunga, mwamuna anapita kwa wosavala duku.

"Uganiza nifuna Amock? Akhale komweko mpaka mano athe. Ine nifuna tsiku limodzi. Limodzi chabe. Niimilile kuvundukula mwana wanga, anthu aja asafunsane kuti, 'Aja ni agogo ake?' Niime pafupi ni mtsikana uja osaoneka monga wanchito wake. Chakulakwila n'chiyani pamenepo?

"Ukanandiuza wekha kuti, 'Amama, ichi chizakutenthani,' nikanakutukwana. Inde, nikanakutukwana mpaka pa geti. Koma madzulo nikanaganiza kuti mwana uyu anapita kusukulu, mwina adziwa. Iwe wanyamula mutu wanga kukauyanika pa tchalitchi. Lelo ku msika amake Reginald andifunsa ngati nili ni mabatire ogulitsa. Manje nikapita ni duku azati Peggy Njobvu wamugonjetsa. Nikapita ni tsitsi lakuda azati uyo wa mabatire. Wandisiyila njila iti?"

"Amama, chizakutenthani zoona," anatero Perpetua. "Soda uja amadya nsalu. Ninaona ni maso anga."

"Manje ndiye wapeza pakamwa?"

"Nipatseni chitini chija nikataye."

"Nataya kale. Pita kwanu, mwamuna wako afuna kudya."

Makina anayambanso kulira. Potuluka, Perpetua anadutsira kukhichini. Pa shelefu panali mbale, ndipo m'mbalemo munali mazira awiri, m'nyumba imene mazira ankadyedwa pa Khirisimasi pokha. Anaima. Anayang'ana mazirawo, nayang'ana msana wa amayi ake. Kenako anakonza mwana kumbuyo n'kupita kukakwera basi.

5. Pamphambano

Loweruka basi inachedwa, ndipo Perpetua anafika ku Kabwata dzuwa lili pamutu. Pa geti anakumana ndi Martina akutuluka mothamanga, manja ali bii mpaka m'zigongono.

"Ine ninakamba kuti mphindi zisanu chabe," Martina anayamba asanafunsidwe. "Iwo ati onjezela, ligone bwino. Ninawafunsa, 'Siwawa?' Ati iyai. Munthu akuti iyai, ine nichite bwanji?"

Perpetua anamukankha n'kulowa. Amayi ake anali pabedi, atavala kale bulauzi yatsopano ndi chitenge, thaulo kumutu. Mano anali ataluma mlomo. Madzi akuda ankatsika pamphumi kulowera ku diso lamanzere, limene linali litayamba kutupa.

"Chotsani thaulo, Amama."

"Chizapola. Nipatse duku uja."

Perpetua anamasula Kunda n'kumupatsira Martina, amene anali atamutsatira. Anagwira thaulo n'kulichotsa yekha. Tsitsi lina linatsala pa thaulopo. Pamwamba pa khutu ndi pa liwombo khungu linali psuu, lonyowa, ndipo ufa wa mabatire unali utapakidwa pa zilonda pomwepo.

Sanafunsenso chilolezo. Anakokera amayi ake ku mpopi wa panja, nawaweramitsa, natsegula madzi onse. Amayiwo anakuwa, namutukwana, namumenya pamkono. Perpetua sanawasiye. Madzi anayenderera akuda, kenako otuwa, diresi lake la ku phwando n'kunyowa mpaka m'mawondo.

Kumsewu kunalira hutala. Inali galimoto ya ku Kabulonga, yoyera mbee, ndipo dalaivala wake, bambo wachikulire dzina lake a John, anatsika atavula chipewa.

"Amake mwana akonzeka? Ng'oma zayamba kale uko."

Amayi Daka anadziwongola. Anatenga duku wobiriwira uja, namumanga okha pamwamba pa zilonda. Anakalowa m'galimoto osagwiridwa ndi munthu. Perpetua anabereka Kunda n'kukhala pambali pawo. Asanafike patali, banga lonyowa linatulukira pa silika, n'kumakula. Diso lija linali litatsekeka.

"Amama, tiyambe kuchipatala."

"Nizavina kaye. Nivundukule mwana, basi tipite."

"Diso silizayembekeza."

"Nili ni lina."

A John ankawayang'ana pa kalilole wa galimoto. Atafika pamphambano anachepetsa liwiro. Njira ina inkapita ku chipatala chachikulu, ina kukwera ku Kabulonga.

"Tikhote kuti, amayi?"

"Ku Kabulonga," anatero Amayi Daka.

"Kuchipatala," anatero Perpetua. Mawu ake anatuluka aakulu moti Kunda anadzidzimuka. "A John, mukawapeleka ku phwando ali tele, diso likafa, nizakauza abwana anu kuti ninakupemphani mwakana. Khotani."

A John anakhota.

Amayi Daka sanatukwanenso. Anatsamira pampando, n'kuyang'ana kunja ndi diso lotsala lija.

"Ndiye wamupatsa Petronella mwana wanga," anatero motsitsa.

6. Chitenge

Anamwino atamasula duku anayang'anana. Wamkulu wa iwo anafunsa amene anatsuka mutuwo ndi madzi, ndipo atauzidwa anagwedeza mutu kuvomereza. Anati diso liyenera kutsukidwa nthawi yomweyo, dokotala alione, ndipo lero mayiyu sapita kulikonse. Za tsitsi anati adzaona zilonda zikapola. Pena limamera, pena ayi.

Perpetua anaima pafupi ndi bedi, osadziwa poika manja. A John anasuzumira pakhomo.

"Nibwelele chabe? Azanifunsa uko."

Amayi Daka anayamba kumasula chitenge cha m'chiuno, chija anapinda dzulo pa makina. Anachikoka pansi pa thupi lawo movutikira n'kuchiponya pa mapazi a Perpetua, osamuyang'ana.

"Pakamwa unapapeza. Kapagwilitse nchito."

Perpetua anatola chitengecho n'kuchimanga pamwamba pa diresi lonyowa.

A John atafika naye ku Kabulonga, mlonda anatsegula geti lalitali. Pa kapinga panali azimayi oposa zana, mawigi, zipewa, maduku, ndipo Amayi Njobvu anali pampando wakutsogolo. Pakati, pamphasa, panali Helen, ataphimbidwa mutu mpaka mapazi, ali phee kuyambira masana. Ng'oma zinali zitatopa. Mlangizi wamkulu anakweza dzanja.

"Nifunsa kachitatu, komaliza. Amake mwana ali kuti? Ngati palibe, aimilile wina wa pa nyumba ya a Daka. Mwana sangagone mu chitenge!"

Anthu anayamba kunong'onezana. Ku mzere wachiwiri mkazi wina wa nsapato zazitali zachikasu anapatsira mnzake chikwama, naimirira, nayamba kumanga chitenge m'chiuno akumwetulira. Woimba ng'oma anaika manja pa chikopa.

Perpetua anali asanavinepo pagulu chibadwire. Anakokera Kunda m'mwamba, namanga mfundo pachifuwa kawiri, n'kuponda pa kapinga.

"Ba Petronella," anatero, mitu yonse n'kutembenukira ku geti, "khalani pansi."